Nsabwe za m'mutu zimatha ndi kalendala, osati palafini

Lachinayi sabata yatha, belu litalira anzake onse atatuluka, mtsikana wina wa Fomu 3 anatsalira m'kalasi ngati akulongedza makope. Ndinadziwa kuti ali ndi funso, koma ndinkayesa kuti ndi la magetsi amene tinaphunzira tsikulo. Ayi ndithu.

"Aphunzitsi, kodi palafini amapha nsabwe?"

Nkhani yake inali yotere. Mng'ono wake wa Sitandade 2 wakhala akukanda m'mutu mwezi wathunthu. Agogo anamuthira palafini, nsabwe zinaoneka ngati zatha, koma patapita masabata awiri zinali mbwee ngati kale. Ndiye agogo anagamula kuti amuthirenso, wambiri kuposa poyamba, ndipo ntchitoyo anapatsa iyeyo kuti aigwire madzulo omwewo. Kwawo kulibe magetsi. Kukada amayatsa kandulo.

Ndinamuuza kuti asayerekeze, ndipo ndinamufotokozera mwachidule chifukwa chake. Lero ndikulemba yankho lalitali, chifukwa ndikudziwa kuti ambiri a inu ndinu amene mumatumidwa kusambitsa ndi kupesa azing'ono anu. Ine ndine wa fizikisi, osati bayoloje, koma muona kuti m'nkhani imeneyi muli liwiro, nthawi, kutentha ndi mphamvu, zinthu zomwezo zimene mumalemba pa MSCE.

Tiyambe tamudziwa mdaniyo

Nsabwe ya m'mutu dzina lake la sayansi ndi Pediculus humanus capitis. Yaikulu imatalika mamilimita 2 kapena 3, ngati njere ya chitowe. Ili ndi miyendo 6, ndipo mwendo uliwonse kumapeto kwake kuli kachikhadabo kopindika ngati mbedza kogwirira tsitsi. Ilibe mapiko, ndiye siuluka. Ilibenso miyendo yamphamvu yakumbuyo ngati ya nthata, ndiye sidumpha. Imangokwawa basi. Kuti ichoke m'mutu wina kupita m'mutu wina, nthawi zambiri pamafunika kuti tsitsi likhudzane ndi tsitsi: ana ogona mphasa imodzi, ounjikana pa buku limodzi, kapena inu nomwe mukagundanitsa mitu pa foni imodzi. Chipeso, chipewa, mpango ndi pilo zingathenso kuinyamula, koma si kawirikawiri.

Chakudya chake ndi magazi a munthu, ndipo imayamwa kangapo pa tsiku. Poyamwa imasiya malovu ake pakhungu, ndipo kuyabwa kuja ndi thupi lanu likulimbana ndi malovuwo. Munthu amene zamulowa koyamba angathe kukhala masabata 4 mpaka 6 asanayambe kumva kuyabwa. Sungani mfundo imeneyi, tiifunanso kumapeto.

Pali zinthu zitatu zimene anthu amalakwitsa. Choyamba, nsabwe si chizindikiro cha uve. Zimafuna magazi ndi kafunditsi ka khungu, ndipo tsitsi losambidwa bwino zimakhalamo bwinobwino. Chachiwiri, sizichokera kwa galu, mphaka kapena nkhuku. Mtundu umenewu umakhala pa munthu yekha. Chachitatu, sizidziwika kuti zimafalitsa matenda, ngakhale mwana akakanda kwambiri angadzipweteke n'kuchita zilonda zamafinya. Imene imafalitsa matenda ndi m'bale wake, nsabwe ya m'zovala, imene imabisala m'misoko. Mu 1909, Charles Nicolle, dokotala wa ku France amene ankagwira ntchito ku Tunis, anaonetsa kuti nsabwe zimenezo ndizo zimafalitsa matenda a typhus, ndipo mu 1928 analandira mphoto ya Nobel chifukwa cha ntchitoyo. Koma nkhani yathu lero ndi ya m'mutu.

Chifukwa chake zimabwereranso

Apa ndi pamene pali mutu wa phunziro lonse, ndiye werengani mofatsa.

Nsabwe yaikazi imaikira mazira pafupifupi 6 pa tsiku. Dzira lililonse, lomwe ndi losakwana milimita imodzi, imalimata pa tsitsi limodzi pafupi kwambiri ndi khungu, ndi zomatira zimene zikauma zimagwira kuposa ulimbo. Madzi ndi sopo sizichotsa. N'chifukwa chake mungathe kusiyanitsa dzira ndi mfundu: mfundu ukaukhudza umagwa, dzira limakana mpaka mutalikoka ndi zikhadabo kutsata tsitsilo.

Dzira limaswa pakapita masiku pafupifupi 8 kapena 9. Kansabwe kotulukamo kamayamba kuyamwa tsiku lomwelo, kamafundula katatu, ndipo pakapita masiku ena 9 mpaka 12 kamakhala kakula moti kangayambe kuikira. Yaikulu imakhala m'mutu mpaka masiku 30. Chitani masamu nokha: yaikazi imodzi ikaikira mazira 6 pa tsiku kwa masiku 20, ndi mazira 120.

Tsopano onani zimene zinachitika kwa mwana uja. Tsiku limene anathiridwa palafini, nsabwe zambiri zoyenda zinafa kapena zinakokoloka posamba. Koma mazira ali m'chikamba cholimba, ndipo ambiri anatsala ali moyo. M'sabata yotsatira anaswa limodzi limodzi. Tiana take n'tating'ono kwambiri moti palibe anationa. Patatha masabata awiri tinali titakula, tayamba kuikira, ndipo agogo anati, "Zabweranso." Sizinabwerenso ayi. Sizinachoke n'komwe.

Choncho vuto silinali kuchepa kwa palafini. Vuto linali loti anamenya nkhondo tsiku limodzi, pomwe mdaniyo moyo wake uli m'magawo atatu, dzira, mwana ndi wamkulu, ndipo gawo limodzi linali lotetezeka tsikulo.

Dzira ngati wotchi

Nali phunziro la fizikisi limene mungachite ndi rula. Tsitsi la munthu limakula pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi, kutanthauza mamilimita pafupifupi 0.33 pa tsiku. Limakulira kumunsi, kukhungu, ndiye dzira lomatidwa pa tsitsilo limakankhidwa kutali ndi khungu tsiku ndi tsiku. Mukukumbukira eti:

mtunda = liwiro × nthawi

M'masiku 9 amene dzira limafuna kuti liswe, tsitsi limakula 0.33 × 9, pafupifupi mamilimita 3. Onjezerani kamtunda kamene nsabwe inasiya poikira, ndipo mumvetsa chifukwa chake azaumoyo amati dzira limene lili kupitirira mamilimita 6 kuchokera pakhungu nthawi zambiri linaswa kale kapena linafa. Mukapeza dzira pa masentimita awiri, limeneli linaikiridwa miyezi iwiri yapitayo, ndi chigoba chabe. Tsitsi lathu ndi lopotana, ndiye muziyamba mwaliwongola musanayeze.

Phindu la masamu amenewa ndi lotani? Mwana angakhale ndi timazira toyera m'tsitsi miyezi ingapo nsabwe zitatha kale. Musamuthire mankhwala chifukwa cha zigoba. Umboni weniweni woti zilipo ndi kuona nsabwe yamoyo ikuyenda.

Njira ya chipeso

Njira imeneyi sifuna poizoni aliyense. Imafuna chipeso cha mano othinana kwambiri, mpata wake wosaposa mamilimita 0.3, komanso kuleza mtima. Chipeso choterechi ndi sefa: tsitsi limadutsa, nsabwe imakodwa. Chipeso wamba cha mano otalikirana nsabwe imangodutsa pakati.

Masulani zoluka zonse. Sambitsani mutu, kenako pakani mafuta ofewetsa tsitsi aja a conditioner, ambiri ndithu, tsitsi likadali lonyowa. Mafutawa amachepetsa friction, ndiye chipeso chimaterera osazula tsitsi. Komanso nsabwe, imene m'tsitsi louma imathawa mwachangu, m'tsitsi lonyowa ndi loterera imangoti phee. Ngati conditioner palibe, mafuta ophikira pang'ono angathandize chipeso kuterera, koma musawadalire kuti apha nsabwe. Yambani ndi chipeso chachikulu kuti tsitsi limasuke, ligaweni m'timagulu, ndiye mutenge chothinana chija. Muziyambira pakhungu penipeni mpaka kunsonga, ndipo mukakoka kamodzi pukutirani chipeso pa kansalu koyera kuti muone chimene chatuluka. Samalani kwambiri kuseri kwa makutu ndi kunkhongo, kumene mazira amachuluka. Chitani zimenezi masana, pabwalo, pamene pali kuwala.

Ndiye kalendala ija nayi: pesani tsiku la 1, la 5, la 9 ndi la 13, ndipo tsiku la 17 mupesenso kuti mutsimikize kuti zatha. Chifukwa chiyani kudumpha masiku 4? Tsiku loyamba mumachotsa zazikulu zonse, ndiye kuikira kwaima. Mazira otsala aziswa mpaka cha m'ma tsiku la 10. Kansabwe kalikonse kotulukamo kamafuna kupitirira sabata kuti kakule, koma inu mukubweranso pasanathe masiku 4, ndiye mumakagwira kasanaikire. Pofika tsiku la 13 palibe dzira lamoyo limene latsala, palibenso woikira. Mukadumpha tsiku limodzi n'kumati "zikuoneka kuti zatha," mwapatsa mpata kamodzi kuti kakule, ndipo wotchi iyambiranso.

Kunena zoona, m'tsitsi lalitali lopotana kwambiri chipeso chothinana chimavuta kudutsa. Kulidula kukhala lalifupi kumapeputsa ntchito. Kumeta mpala kumathetsa zonse tsiku limodzi, chifukwa nsabwe imasowa pogwira ndipo mazira amapita ndi tsitsi. Koma kumbukirani masamu aja: mazira amoyo ali m'mamilimita 6 oyambirira, ndiye kungodulira pamwamba n'kusiya sentimita imodzi sikuchotsa mazira. Mukasankha kumeta, lezala likhale latsopano, la mwana mmodzi yekha, chifukwa kubwerekana malezala kungafalitse matenda oyenda m'magazi. Ndipo mwanayo mumufunse kaye. Kamtsikana kometedwa mokakamiza n'kumasekedwa kusukulu kavulazidwa kawiri.

Mankhwala a mitundu iwiri

Kumafamase kumapezeka mankhwala opangidwira nsabwe za m'mutu, ndipo amagwira ntchito m'njira ziwiri zosiyana.

Mtundu woyamba ndi poizoni wa mitsempha ya tizilombo, monga permethrin. Amasokoneza mauthenga amagetsi m'mitsempha ya nsabwe mpaka ifa. Vuto lake munaliphunzira m'bayoloje pa mutu wa natural selection. Pagulu la nsabwe pangakhale zingapo zobadwa ndi kusintha pang'ono m'majini kumene kumachititsa kuti mankhwalawo asazigwire. Zinazo zikafa, izi zimatsala n'kuswana, ndipo pakapita zaka mankhwala amaoneka ngati asukuluka. Zachitika m'mayiko ambiri. Ndi nkhani yomweyo imene tili nayo kuno ku Malawi ndi udzudzu wina umene unasiya kufa ndi mankhwala a m'gulu lomweli opakidwa m'maneti.

Mtundu wachiwiri si poizoni, ndi fizikisi. Nsabwe ilibe mphuno. Imapuma kudzera m'timabowo ta m'mbali mwa thupi totchedwa spiracles. Mwina munadabwapo kuti bwanji nsabwe sizifa mwana akasamba kapena kusambira. Zimagwira tsitsi zolimba n'kukhala chete, ndipo zingathe kupirira m'madzi maola angapo. Madzi ali ndi surface tension yaikulu, pafupifupi 72 mN/m, ija imachititsa kuti dontho likhale lobulungira ndiponso tizilombo tina tiziyenda pamwamba pa dziwe. Chifukwa cha iyo, madzi savomera kulowa m'kabowo kakang'ono ka thupi lokhala ngati lopakidwa phula. Koma pali mafuta ena otchedwa dimeticone amene surface tension yawo ndi pafupifupi 20 mN/m basi. Amenewa amayenderera thupi lonse la nsabwe, kulowa m'timabowo tija n'kutitseka. Nsabwe n'kovuta kuti izolowere zimenezi, chifukwa sikuti ikulimbana ndi poizoni, yatsekeredwa.

Mtundu uliwonse umene mungapeze, malamulo ndi omwewa. Wamkulu awerenge malangizo a pabotolo ndi kuwatsatira. Ambiri amafuna kubwereza pakapita masiku 7 mpaka 9, ndipo tsopano mukudziwa chifukwa chake: mazira. Asalowe m'maso, ndipo mutu wopakidwa usayandikire moto. Ngati ndi khanda, mayi woyembekezera, kapena m'mutu muli zilonda, yambani mwafunsa kuchipatala kapena kwa alangizi a zaumoyo a m'dera lanu.

Chifukwa chake ndinati asayerekeze

Tengani nyali ya koloboyi. Munayamba mwadzifunsapo kuti chingwe chija n'chachiyani? Palafini wamadzimadzi payekha sayaka msanga. Chimene chimayaka ndi nthunzi yake ikasakanikirana ndi mpweya. Kutentha kotsikitsitsa kumene mafuta amatulutsa nthunzi yokwanira kugwira moto kumatchedwa flash point, ndipo kwa palafini kumayambira pa 38°C. Chingwe chimakoka palafini pang'onopang'ono n'kumuyala pa tiulusi tambirimbiri. Pa ulusi uliwonse pamakhala palafini wochepa kwambiri moti lawi la machesi limamutenthetsa kupitirira flash point nthawi yomweyo, ndiye moto buu.

Tsopano ganizirani mutu wa mwana. Munthu ali ndi tsitsi pafupifupi 100,000. Mukalinyowetsa ndi palafini mwapanga zingwe za nyali 100,000, zoyalidwa pa khungu lofunda pafupifupi ngati flash point yomweyo, mpweya ukudutsa pakati pake. Chatsala n'chiyani? Kandulo, mbaula, nyali, kapena ndudu ya amalume. Ndipo moto wake uli pankhope, m'maso ndi m'makutu. Petulo ndiye woopsa koposa, chifukwa flash point yake ili pansi pa −40°C, kutanthauza kuti nthunzi yake ndi yokonzeka kuyaka nthawi iliyonse. Ngakhale popanda moto, palafini amawaula khungu, ndipo akalowa m'mapapo amadwalitsa kwambiri.

Chimodzimodzi mankhwala osungira chimanga, a m'munda wa thonje kapena tomato, dipi wa ng'ombe ndi opopera udzudzu m'nyumba. Amenewa sanapangidwire khungu la munthu, ndipo ambiri amalowa m'magazi kudzera pakhungu. Mwana ndiye ali pangozi yaikulu, chifukwa khungu lake ndi lalikulu poyerekeza ndi kulemera kwa thupi lake. Ndi surface area to volume ratio ija: chinthu chikamachepa, chiwerengerochi chimakwera. Nsabwe sinaphepo mwana ndi kuyabwa, koma moto ndi poizoni zimapha.

Mukapeza kuti mwana wathiridwa kale palafini, mutulutseni panja kutali ndi moto uliwonse, musambitseni mutu ndi sopo kangapo, maso atatsinzina. Ngati wapsa, thirani madzi ozizira pamalopo kwa mphindi 20, osapaka dzira, mankhwala otsukira mano kapena china chilichonse, n'kuthamangira naye kuchipatala.

Zofunda, zipewa ndi zipeso

Apa musadzivutitse kwambiri. Nsabwe ikagwa m'mutu imafa pasanathe masiku awiri chifukwa chosowa magazi, ndipo mazira saswa bwino kutali ndi kafunditsi ka khungu. Choncho palibe chifukwa chopopera mankhwala m'nyumba. Samalani zokhazo zimene zinakhudza mutu m'masiku awiri apitawo: nsalu ya pilo, mpango, chipewa, thaulo, chipeso.

Nsabwe ndi mazira ake zimafa zikakhala pa kutentha kopitirira 54°C kwa mphindi 5. Mulibe thermometer? Gwiritsani ntchito zimene tinaphunzira zosakaniza madzi otentha ndi ozizira. Malo okwera ngati Lilongwe madzi amawira pa 96°C kapena kuposerapo pang'ono, osati 100°C, chifukwa mpweya umapanikiza mocheperako. Sakanizani lita imodzi ya madzi owira ndi lita imodzi ya madzi a pampopi a 24°C. Kutentha kumene owira ataya ndi kumene ozizira alandira, ndipo poti kuchuluka kwawo n'kofanana, yankho ndi (96 + 24) ÷ 2 = 60°C. Ndowa idzamwako pang'ono, ndiye vindikirani. Viikani zipeso ndi nsalu mmenemo mphindi 10. Kusita ndi ayironi yotentha kumagwiranso ntchito. Zimene sizingachapidwe, zimangeni m'jumbo masabata awiri. Koma mwamva? Madzi amenewa ndi a chipeso ndi nsalu, osati mutu wa mwana. Madzi a 60°C amawaula khungu m'masekondi ochepa.

Chala chimodzi

Akuluakulu anati chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo fizikisi ikuvomereza. Nsabwe ndi yaphwatalala, khungu lake n'lolimba. Mukaikankha ndi chala chimodzi, mphamvu ili mbali imodzi yokha, ndiye imangosuntha. Kuti iphwanyike pamafunika mphamvu ziwiri zoyang'anizana, ndipo timagwiritsa zikhadabo osati minofu ya chala chifukwa pressure ndi mphamvu kugawa ndi kukula kwa malo: malo akachepa, pressure imakwera. Chenjezo la mayeso: mphamvu ziwirizi si za lamulo lachitatu la Newton, chifukwa zonse zikugwira pa chinthu chimodzi.

Mwambiwu ukugwiranso pa kuchiza. Mukukumbukira kuti munthu angakhale nazo masabata angapo asanamve kuyabwa? Ndiye mukachiza mwana mmodzi n'kusiya mkulu wake amene amagona naye, pomati "uyu sakukanda," mwagwira ntchito yachabe. Pesani aliyense wa m'nyumbamo, ndipo onse opezeka nazo ayambe tsiku limodzi. Kuhositelo n'chimodzimodzi. Apa ndi pamene manyazi amathandiza nsabwe: woopa kusekedwa amabisa, wobisa sachizidwa, ndipo zimazungulira chipinda chonse. Mnzanu akakuuzani kuti ali nazo, mutengereni chipeso, osati kumulengeza.

Mtsikana uja anabwera Lolemba kudzandiuza kuti agogo poyamba anakana, akuti iwo anakula akuthiridwa palafini ndipo ali moyo. Iye sanatsutsane nawo. Anangotenga koloboyi n'kuwafunsa mwaulemu kuti chingwe chonyowa palafini ndi tsitsi lonyowa palafini zikusiyana pati. Agogo anakhala chete, kenako anati ayese za chipesozo, aone. Anayamba Loweruka. Masiku otsatira anawalemba pachikuto cha kope lake la fizikisi: Lachitatu, Lamulungu, Lachinayi, ndipo Lolemba lotsatira kukatsimikiza. Agogo akuti akapeza nsabwe ngakhale imodzi pambuyo pake, nkhani ya palafini ibwereranso. Ndamuuza kuti asadumphe tsiku.

Yesani mafunso awa

1. Mwapeza dzira la nsabwe pa mamilimita 15 kuchokera pakhungu. Ngati tsitsi limakula mamilimita 0.33 pa tsiku, dziralo linaikiridwa masiku angati apitawo? Kodi lingakhale lamoyo?

2. Mwasakaniza malita awiri a madzi a 96°C ndi malita atatu a madzi a 20°C. Pezani kutentha kwa madzi osakanizawo. Kodi akwanira kupha nsabwe za pa chipeso?

3. Fotokozani chifukwa chake kupesa masiku 4 alionse kumathetsa nsabwe pomwe kupesa masiku 14 alionse sikungazithetse.

4. M'mawu anuanu, m'Chichewa chimene agogo angamve, fotokozani chifukwa chake tsitsi lonyowa palafini limagwira moto msanga.